Zonse Zili pa D

Mumsewu mwathu muno m'tauni ya Damanhour, munthu akangoika sikuludiraiva m'thumba la malaya, m'mawa mwake amadzuka ali injiniya. A Sobhi anaika yawo ali mnyamata, ndipo mpaka lero, tsitsi litayera mbuu, palibe amene amawatchula popanda udindowo. Kusukulu anaphunzira za ulimi wa thonje, koma thonjelo sanabzalepo ngakhale phando limodzi. Anayamba ndi kukonza mawailesi a kaseti, kenako mavidiyo, ndipo makompyuta atafika m'tauni anangofufuta chikwangwani chakale n'kulemba china. Shopu yawo ili pansi pa nyumba yosanjikizana, moyang'anizana ndi yanga. Ine ndine Gaber, ndimafinya madzi a nzimbe. Ntchito yanga ndi ya manja, maso amakhala opanda chochita, choncho moyo wa a Injiniya ndauonera wonse mwaulere.

Mankhwala awo ndi amodzi. Kompyuta ikamachedwa, amaifomata, ndiko kuti kufufuta za mkati n'kuyambiranso. Ikamatentha, amaifomata. Mphunzitsi wina anabwera ndi yake chifukwa inasiya kutulutsa mawu. A Injiniya anafufuta zonse, anaikamo Windozi yatsopano, kenako n'kuona kuti waya wa sipika unali utangozuka. Anaubwezera mwakachetechete, ndipo mphunzitsiyo anapita kwawo akuwatamanda msewu wonse. Matenda aliwonse kwa iwo dzina lake ndi vayirasi. Ukafunsa kuti vayirasiyo yalowera pati, amavula magalasi, kukuyang'ana momvetsa chisoni, n'kukuuza kuti ana ako ndi osamva.

Komabe palibe amene ankaopa kuwapatsa kompyuta, chifukwa anatiphunzitsa lamulo limodzi limene tinkalisunga kuposa mmene ena a ife timasungira swala ya Lachisanu kumzikiti. Kompyuta iliyonse yodutsa m'manja mwawo ankaigawa zigawo: C, D, E, wolemera mpaka F. C ndi ya Windozi, ndiye imene imadwala n'kufufutidwa. D ndi yako, ya zithunzi za ana ndi nyimbo zako.

"Ikani pa D," ankatero, chala chili m'mwamba. "C ikhoza kupsa, ikhoza kumira mumtsinje. D siikhudzidwa."

Ife tinkaganiza kuti D ndi malo ena akutali, otchingidwa bwino ngati banki. Mayi wina anafika pofunsa ngati mwana wake wa ku Kuwait angathe kukaona zithunzi za banja pa D ya kumeneko. A Injiniya anati zimenezo zikubwera posachedwa.

Pamwamba penipeni pa nyumbayo pamakhala mayi Fawkeya, amene tonse timawatchula kuti amake Hani. Amuna awo, Haji Metwalli ogulitsa nsalu, anamwalira kalekale. Hani ali ku Italy ndipo amaimba foni pa zikondwerero. Iyeyo ndiye anawasiyira kompyuta, chibokosi chotuwa chimene amayi ake amachifunditsa kansalu koluka pamanja. Monga amayi onse okhala m'mwamba, amake Hani satsika masitepe chifukwa cha tomato. Amatsitsa dengu pa chingwe kuchokera pakhonde, wogulitsa amaikamo katundu, iwo n'kukoka. Dengulo limadutsa pakhomo penipeni pa a Injiniya.

A Sobhi sanakwatirepo. Anakhala ndi amayi awo mpaka amayiwo atamwalira, ndipo pofika pamenepo pakamwa pawo panali patazolowera kunena kuti nthawi siinakwane. Mtima wawo unagwera amake Hani maliro a Haji asanaiwalike n'komwe. Msewu wonse unkadziwa, ndipo iwo okha ndi amene ankaganiza kuti ndi chinsinsi. Mkazi wanga anadzipereka kuti akakhale mthenga, akafufuze maganizo a mayiyo mwachikulu. A Sobhi anamuthokoza kwambiri n'kumufunsa kuti akunena za mayi uti.

Vuto ndi lakuti kwathu kuno mwamuna sakwera kwa mayi wamasiye popanda chifukwa chooneka ndi maso. Wa gasi amakwera ndi silinda paphewa, wa mapaipi amakwera ndi sipanala. Chimene chinawapulumutsa a Sobhi ndi kompyuta ya Hani. Tsiku lina dengu linatsika muli mausi ya kompyutayo, waya wake utakulungidwa bwinobwino, ndipo pakhonde panamveka mawu akuti, "A Injiniya, yadwala." Kuyambira pamenepo chinakhala chizindikiro. Mausi ikatsika, a Sobhi ankatseka shopu ngakhale muli kasitomala, ankaoloka msewu kudzapesa tsitsi pagalasi langa, n'kukwera ndi chikwama cha masidi oikira Windozi.

Za m'mwambamo sindikupeka. Chitseko chinkakhala chotsegula, chotchingiridwa ndi mpando kuti odutsa pamasitepe adzionere okha kuti palibe chachilendo, ndipo mkazi wanga ali ndi mnzake m'nyumba imeneyo amene masiku oterowo ankadutsa pamasitepe kwambiri. A Injiniya ankakhala pa kompyuta, amake Hani pa sofa ya kutali. Tiyi ankabwera m'tambula ya mkombero wagolide, ija imene ngakhale Hani sankaloledwa kuigwira. M'shopu mwawo a Sobhi amaika Windozi ndi fulashi, ntchito n'kutha tiyi asanazizire. M'mwambamo ankatulutsa sidi yakale yokandikakandika, kuyamba itangotha swala ya masana n'kutsika dzuwa likulowa. Onse awiri ankangoyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini. Ankakamba za anyezi, za bondo la amake Hani, za ana a masiku ano. Mawu amene anakwerera masitepe onsewo sankatuluka.

Potsika ankaiwala kanthu. Lero magalasi, ulendo wina sikuludiraiva, nyengo yozizira chipewa. Ankaganiza kuti mwina amake Hani awaitana kuti akatenge, n'kupeza ulendo wina waulere. Sanaitanidwepo, zinthuzo sizinkatsikanso, ndipo a Sobhi ankangogula zina.

Ulendo uliwonse, C isanafufutidwe, amake Hani ankafunsa funso limodzi: "Ukwati uli bwinobwino?" Ankanena vidiyo ya ukwati wawo ndi Haji. Poyamba inali pa kaseti, ndipo a Sobhi ndi amene anaisamutsira pa kompyuta n'kuwauza kuti kasetiyo tsopano ingokhala yosonkhanitsa fumbi, aitaye. Anaitayadi.

"Uli pa D, mayi," ankayankha. "Ndakoperanso pa E. Gonani tulo."

Windozi ikalowa, ntchito yoyamba inali kutsegula vidiyoyo kuti amake Hani aone ndi maso awo, ndipo apa ndi pamene tiyi ankawawira a Sobhi. Pa sikirini pankatulukira Metwalli, ndevu zili bii, suti yothina m'mimba, akuvina ndodo ili m'mwamba. Amake Hani ankanyamuka pa sofa n'kusendera pafupi, misozi italengeza m'maso. A Sobhi ankatsika nkhope ili yokwinya n'kundiuza kuti munthu anaikidwa kalekale koma kuvina sakutopa.

Zaka zikupita, mausi inayamba kutsika pafupipafupi, mpaka inafika pomatsika mwezi usanathe. Kompyuta inkauma pakati pa ntchito, sikirini n'kusanduka yabuluu. Zithunzi zina zinkatseguka theka, theka linalo lili lotuwa. Kenako chibokosicho chinayamba kulira mkati, ke ke ke, ngati wotchi ya pakhoma. Amake Hani anafunsa ngati mwalowa mphemvu. A Injiniya anatchera khutu mwaukatswiri n'kunena kuti ndi vayirasi ya mtundu watsopano, ndipo mwina yabwera ndi mauthenga a ku Italy.

Atatsika tsiku limenelo anakhala pabenchi panga, madzi amene ndinawapatsa osawakhudza.

"Gaber m'bale wanga, si vayirasi," anatero motsitsa mawu. "Ndi hadi disiki, chitsulo chimene chimasunga zonse. Ikufa. Kulira kuja ndi kadzanja ka mkati kakulephera kupeza malo ake."

Ndinawafunsa ngati zoterozo sizigulidwa. Anati yatsopano ili kale m'dirowa mwawo, ikadali m'pepala lake, ya mtundu wamakono wopanda chozungulira mkati, imene ukaika umaiwala zoti kompyuta imadwala.

"Ndiye mukudikira chiyani, a Injiniya?"

"Iwe, ndikaika imeneyo ichira. Ikachira ndizikwera ndi chiyani? Silinda ya gasi?"

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka pano ndikakumbukira ndimapsabe. Ndinawauza kuti amuna onse m'dziko muno amakwera masitepe ndi mbale ya maswiti ndi achibale kumbuyo n'kukapempha mwaulemu, iwo okha ndi amene akufuna kukwatira ndi sidi. Anati nthawi siinakwane. Ndinati chabwino, bola akopere ukwati ujawu pa fulashi, poti chitsulocho chili pa mphasa. Apo ndiye anadzuka pabenchi ngati alumidwa.

"Ine ndiziyenda ndi ukwati wa Metwalli m'thumba mwanga? Uli pa D."

Ndinawasiya apite, chifukwa nanenso ndinali wokhulupirira wa D.

Mausi inatsikanso tsiku lina m'nyengo yotentha. Ndinawaona akutsegula dirowa, akutulutsa disiki yatsopano ija, akuitembenuza m'manja n'kuibwezera. Akupesa tsitsi pagalasi langa anandilonjeza kuti uno ndi ulendo womaliza wa sidi. Wotsatira adzasintha chitsulocho, ndipo adzalankhula.

Mnzake wa mkazi wanga akuti zonse zinayamba monga mwa masiku onse. Tiyi anabwera, funso linafunsidwa, yankho linaperekedwa, C inafufutidwa. Kamzere kanayamba kukwawa, kanafika chapakati n'kuima. Chibokosi chinalira ke ke ke, kenako kunamveka phokoso ngati la supuni ikukanda poto, kenako zii. A Sobhi anazimitsa n'kuyatsanso. Sikirini inakhala yakuda, n'kulemba mzere umodzi wa Chingerezi wonena kuti sikupeza disiki iliyonse. Anatsegula chibokosi, anasintha mawaya, anauzira fumbi, anachimenya pang'ono m'mbali. Thukuta linadonthera mpaka pa kansalu koluka kaja.

"C yavuta kodi, a Injiniya?" anafunsa amake Hani ali pa sofa.

"Pang'ono, mayi."

"Palibe kanthu. Bola D."

A Sobhi anati afunika kukaiona bwino kushopu. Anatsika dzuwa likuswabe mtengo, kachitsulo kali pachifuwa, ndipo tsiku limenelo sanaiwale kanthu.

Masiku otsatirawo sindidzawaiwala, chifukwa zambiri zinachitikira mufiriji mwanga. Analumikiza disikiyo ku kompyuta yawo, siinaoneke. Anaiimika chambali, anaigoneka chagada, anaigogoda ndi chala. Kenako anabwera nayo itakulungidwa m'majumbo n'kunena kuti anamva zoti disiki yakufa ikazizira imadzuka kwa kanthawi. Inagona pakati pa mango ndi magwafa. Kutacha anathamanga nayo kushopu, inazungulira pang'ono, inalira n'kukhalanso chete, ndipo anaibwezera mufiriji. Makasitomala anga anayamba kufunsa kuti chipatso chimenecho madzi ake ndi otani. Pakhonde amake Hani ankafunsa m'mawa uliwonse, a Injiniya n'kuyankha kuti Mulungu akalola mawa, osadzutsa mutu.

Mapeto ake anakwera sitima ya kumzinda wa Alexandria, kwa anthu amene amatsegula madisiki m'chipinda chosalowa fumbi. Kumeneko palibe anawatchula injiniya. Anthuwo anaitsegula n'kuwaonetsa kambale ka mkati katakandika kuzungulira konse, m'mbali muli kafumbi konyezimira, ndipo anawauza kuti kafumbi kameneko ndiye zithunzizo. Anati ikanabwera itangoyamba kulira akanapulumutsa zambiri, koma zikuoneka kuti wina wakhala akuikakamiza kulemba Windozi mobwerezabwereza ili chidwalire. Anafunsa kuti mmisiri wake ndi ndani. A Sobhi anati ndi munthu wina wa kutauni ina, ku Tanta.

M'mawa mwake anakwera dengu lisanawaitane, disiki yatsopano ili m'manja. Anandipempha kuti ndiwaperekeze. Popeza nanenso ndine mwamuna, ndinanyamula jagi ya madzi a nzimbe kuti chifukwa changa chioneke.

Amake Hani anatilandira n'kuika mpando pachitseko. A Sobhi anakana kukhala. Anafotokoza ataimirira, manja ali kumbuyo, kuti C, D ndi E si malo atatu ayi. Ndi chitsulo chimodzi chogawidwa, monga nyumba imodzi ya zipinda zingapo, ndipo denga likagwa limagwera zipinda zonse. Ukwati wapita, wa pa D ndi wa pa E womwe. Ine pomwepo ndinayamba kuganiza za zithunzi za ana anga.

Amake Hani anafunsa modekha kuti anadziwa liti zoti ndi nyumba imodzi. A Sobhi anati kuyambira kale, ndipo ndikuganiza kuti n'zoona: ankadziwa monga mmene wosuta amadziwira zolembedwa pa paketi ya fodya. Mayiyo anafunsanso kuti anadziwa liti zoti dengalo likugwa. Apa ndimawapatsa ulemu a Sobhi, chifukwa sananame. Anati kuyambira tsiku lija la mphemvu.

"Nanga osasintha bwanji?"

Mpata wabwino ngati umenewo sunapezekepo m'zaka zonsezo. Yankho loona linali mawu omwe aja amene anakhala nawo pakhosi chikwerere masitepewo. Ndinawaponda phazi. Anatsegula pakamwa.

"A Haji anali munthu wabwino, Mulungu awachitire chifundo. Ndikudziwa kuti mumawasowa."

Amake Hani analoza chithunzi cha pakhoma.

"Bambo a Hani? Bambo a Hani ali pakhoma apo, ali kuchipinda, ali pa kalendala ya shopu yawo. Ndinawaonera zaka zokwanira ali moyo. Kumbuyo kwawo, akamavina, pamadutsa mayi wanyamula thireyi ya zakumwa. Amatembenuka, amaseka, amabisa pakamwa ndi mpango chifukwa mano akutsogolo analibe. Amenewo ndi amayi anga. Sanajambulitsepo chithunzi moyo wawo wonse, ankati n'zochititsa manyazi. Ndi pokhapo pamene ndinkawaona."

A Sobhi anali ataonera vidiyoyo kosawerengeka, ndipo mayi wa thireyiyo sanamuonepo. Maso awo ankakhala pa ndevu za Metwalli. Chisoni chinandigwira, cha onse awiri, ndipo jagi inandilemera m'manja.

Amake Hani sanakuwe ndipo sanalire pamaso pathu. Anangoti aike disiki yatsopanoyo poti abwera nayo kale. A Sobhi anaika, anatulutsa fulashi, ndipo Windozi inalowa madzi a m'ketulo asanawire. Mwachizolowezi anafunsa ngati aigawe zigawo. Amake Hani anati asavutike, alibe choika pa D. Tiyi anabwera, wanga ndi wawo, m'matambula wamba.

Nkhani inatsika masitepe ife tisanatsike. Pofika madzulo msewu wonse unali utamva kuti D ndi chipinda chabe, ndipo anthu anathamangira kukagula mafulashi kuti apulumutse zithunzi zawo. Wogulitsa mafulashi mumsewu mwathu ndi mmodzi yekha. A Sobhi sanaonepo shopu yawo itadzaza choncho. Mphunzitsi wa sipika uja ananena poyera kuti ndi mwayi kukhala ndi injiniya amene amachenjeza anthu nthawi ikadalipo.

Kutacha, dengu linatsika pang'onopang'ono, likuoneka lolemera, n'kuima pakhomo pa a Injiniya. Anatuluka mothamanga akupukuta manja m'malaya. Munali magalasi angapo, masikuludiraiva omangidwa pamodzi ndi kansalu, masidi osanjidwa bwinobwino, mpango wa m'khosi, ndi chipewa chija, chochapidwa n'kupindidwa. Zonse zimene anaiwala zaka zonsezo zinalimo, palibe chosowa. A Sobhi anayang'ana m'mwamba. Amake Hani anali atatsamira pakhonde, chingwe chili m'manja.

"Ndinkazisunga kuti tsiku lina mudzakwere nokha kudzazitenga, popanda mausi," anatero. "Tulutsani msanga, a Injiniya, ndikufuna kugula tomato."

Disiki yatsopano ija ndi yabwinodi, monga ananenera. Kompyuta ya amake Hani siinadwalenso. Akuti imayaka munthu asanakhale pansi, ndipo Hani amaoneka bwino kwambiri akamaimba foni ya vidiyo pa zikondwerero. A Sobhi akadali pansipa, akufomatabe makompyuta a anthu, koma chala chija sachikwezanso. Amabwerabe pabenchi panga madzulo, ndipo timakamba za anyezi. Dengu limatsika m'mawa uliwonse kudutsa pakhomo pawo, ndipo m'mawa uliwonse amasiya chimene akuchita n'kusuzumiramo.